Wodwala wa Anamwino Awiri

Kawotchi kaja kanali kakang'ono ngati chivindikiro cha botolo, ndipo sikanali kovala pamkono. Kankalendewera pa katcheni kafupi kobayidwa ndi pini pachifuwa, manambala ake atazondoka, kuti mwini wake akangoweramitsa mutu aone nthawi manja ali pa ntchito. Galasi lake linali litayamba chikasu. Ndinakaona koyamba pa diresi la mayi wina wokalamba wachizungu ku Oshawa, chaka chimene ine ndi amayi tinafika m'dziko muno, ndipo ndinangoti mumtima agogo awa mutu wawasokonekera, avala wotchi chadodolido.

Ndinali ndi zaka khumi. Tinkakhala kwa amalume, m'zipinda zapansi pa nyumba ya munthu wina, momwe mawindo ake anali m'mwamba pafupi ndi denga, moti anthu odutsa panja tinkawadziwira nsapato. Amalume ankagwira ntchito ku fakitale ya magalimoto ndipo ankabwera akununkha girizi. Amayi kwathu anali namwino komanso mzamba, moti akadutsa pamsika azimayi ankawaonetsa ana n'kumati, uyu ndi wanu uja. Kuno zonsezo zinatsalira pabwalo la ndege. Mapepala awo sankawerengedwa mpaka atakhoza mayeso a dziko lino, ndipo mayesowo anali atalemba kamodzi n'kulephera. Ndiye ankagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo: kusambitsa, kuphikira, kuyala bedi, kukumbutsa mankhwala.

Sukulu zitatsekera nyengo yotentha, panalibe wondisiyira. Kampani imene inkatuma amayi inali ndi lamulo loti wantchito asapite ndi mwana kunyumba ya wodwala, ndipo wopezeka atatero ntchito inkathera pomwepo. Komabe m'mawa wina amayi anandipesa tsitsi, anandipaka mafuta, tinakwera basi limodzi. Titafika pa kanyumba ka njerwa zofiira, anandizungulitsa kuseri n'kundikhazika pakhonde. Anandiuza kuti ndisalowe, ndisaimbe, ndipo chifuwa chikandigwira ndikatsokomolere kumpanda.

Pakhondepo sindinavutike ngati mmene munthu angaganizire. Panali fungo la udzu wotchetcha kumene, tomato wobzala m'zidebe, ndi agologolo akuda bii amene ankathamangitsana pamwamba pa mpanda. Kwathu ndinali ndisanaonepo gologolo wakuda. Ndinali ndikuyankhula nawo monong'ona tsiku lina pamene chitseko chinatseguka kumbuyo kwanga. Choyamba kutuluka chinali chitsulo chamiyendo inayi chogwirira poyenda, kenako mwini wake: mayi wamfupi, wowonda, tsitsi loyera mbuu, maso akuthwa ngati a mphunzitsi wamkulu. Anandiuza kuti ndiwaonetse manja. Anawatembenuza uku ndi uku, nayang'ana zikhadabo chimodzichimodzi.

Amayi anatulukira manja ali thovu lokhalokha, akupepesa m'Chingelezi chothamanga. Agogowo sanawamvere n'komwe. Anangoti mwana si ambulera woti n'kumusiya pakhomo, asambe m'manja mpaka m'zigongono alowe adzadye. Umu ndi mmene ndinalowera m'nyumba ija, ndipo sindinabwererenso pakhonde.

Pambuyo pake tinamva kuti agogowo anali atabweza antchito angapo amayi asanabwere. Anathyoka fupa la m'chiuno ataterereka pa chipale m'nyengo yozizira, ndipo chichokereni kuchipatala palibe amene ankawakhutiritsa. Wina ankayala bedi ngati akufunda mulu wa zovala, wina ankalowa m'chipinda osagogoda. Amayi okha ndi amene anakhalitsa, ndipo chifukwa chake ndinachiona ndi maso anga. M'mawa wina agogowo anakhala pampando akuyang'ana amayi akuyala bedi. Amayi anakoka shiti mpaka linauma gwa, ananyamula m'mphepete mwake, anapisa chotsala pansi pa matiresi, n'kutsitsa, ndipo pakona panatuluka mpindiro wowongoka ngati wa envulopu. Pilo anamuika kukamwa kwake kutafulatira chitseko. Agogowo anafunsa kuti zimenezi anaphunzira kuti, popeza ana a masiku ano a kukoleji sazidziwa.

Amayi anayankha kuti anaphunzira pachipatala cha mishoni, ndipo ankagona kuseri kwa mawodi, pafupi moti wodwala akabuula ankamumva ali pabedi pawo.

Agogowo anati nawonso anaphunzira chimodzimodzi. Analinso namwino, wa masiku amene sukulu ya anamwino inali chipatala chenichenicho. Kuyambira tsiku limenelo amayi anasiya kuwatchula dzina, anayamba kuwaitana kuti Sisitala, monga timaitanira anamwino aakulu kwathu. Eni ake anadandaula kuti iwo si a kutchalitchi, koma ndinaona kuti dzinalo lawakomera, ndipo nanenso ndinatengera.

Chingelezi changa chinali chikadali chosakhwima, choncho nkhani zawo ndinkazitola zidutswazidutswa, zina amayi ankandimasulira m'basi pobwerera. Sisitala anakulira pafamu. Anapita kusukuluko ali mtsikana, atanyamula bokosi lachitsulo, nsapato zakuda ndi lumo wodulira mabandeji. Miyezi yoyamba sankawawerengera ngati anamwino. Ankakolopa, kutsuka mbale zimene odwala amadzithandiziramo, kupukuta mabedi achitsulo, mutu uli wopanda kanthu. Wopirira miyezi imeneyo ndiye ankamuveka kachipewa koyera kouma ndi sitachi, pamwambo wa m'tchalitchi, aliyense atanyamula kandulo. Belu linkawadzutsa, belu linkawagoneka. Asanalowe m'wodi ankaima pamzere, matironi, mkulu wa anamwino, n'kumayendera makolala, zikhadabo ndi zidendene za masokosi. Dokotala akalowa, onse ankaimirira, ngakhale amene wakhala kumene pansi atayenda tsiku lonse. Maphunziro a m'kalasi ankabwera ntchito itatha, ndipo ambiri ankawodzera pensulo ili m'manja.

Ankakonda kusimba za mphunzitsi wawo, mayi amene anali wa magulu oyambirira enieni, nthawi imene zipatala zinayamba kumene kuphunzitsa atsikana unamwino. Mphunzitsiyo ankawanena kuti ndi ana olekereredwa, chifukwa iye pa utsikana wake ankasenza malasha kukasonkha moto m'wodi, kupukuta magalasi a nyali, ndi kuchapa mabandeji akale kuti akamangirenso wina. Apa amayi anaseka mpaka kugwira tebulo. Anati zimene mphunzitsiyo ankaziyesa zamakedzana iwo anazichita dzulodzuloli: kukulunga mabandeji ochapa Loweruka masana, kuwiritsa majakisoni mumphika, kukatunga madzi kuchitsime pampu ikafa, kubereketsa mayi wina mnzako atakuunikira nyali. Ngakhale pemphero la m'mawa linali lofanana. Anthu awiri obadwira kutalikutali, wina wamkulu kuposa mnzake ndi zaka zambirimbiri, ankamalizirana ziganizo ngati anagona chipinda chimodzi.

Tsiku lina Sisitala ananena okha, osafunsidwa, kuti m'nthawi yawo mtsikana wa khungu ngati la amayi sakanaloledwa kulowa pasukulu yawo ija. Amayi sanasiye kupinda matawulo. Anangoti, nanga si ameneyo akukusambitsani lero. Sisitala anaseka mpaka kutsokomola, koma atatha anayang'ana pawindo nthawi yaitali.

Lero inenso ndine namwino. Ndinaphunzira kukoleji, ndimakwera sitima yapansi kupita kuntchito ku North York, ndipo ndikamakumbuka nkhani zija ndimaona zimene iwo ankazidutsa mwachangu. Zipatala zija zinkayendera misana ya atsikana amene sankatha kukana kanthu. Ankawatcha ophunzira, koma ndiwo anali antchito a chipatala chonse, ndipo wodandaula ankamuonetsa msewu. Sindikhumba kuti masiku amenewo abwerere. Koma ndinganame nditati sindichita nsanje ndikakumbuka mmene awiri aja ankatchulira anzawo a m'kalasi, ngati akutchula abale a bere limodzi.

Masiku a chilimwe chimenecho ankafanana, ndipo kufananako ndiko ndinkakukonda. M'mawa kusamba ndi kuyala mabedi, ine ndikuphunzira kupinda makona pa kabedi ka m'chipinda cha alendo, Sisitala akundibwezera ndikalakwitsa. Masana buledi wa tomato wothyola kumene, akadali wofunda ndi dzuwa. Amayi anapeza bonongwe atamera yekha m'mbali mwa mpanda, anamuthyola n'kumuphika ndi tomato ndi anyezi. Sisitala anati kufamu kwawo udzu umenewo ankapatsa nkhumba. Analawa ndi nsonga ya foloko, kenako anakankhira mbale kutsogolo kuti awawonjezere.

Kunyumba nkhani inali ina. Amalume anali atamva kuti ku Brampton akulemba anthu ku weyahausi, nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu, ndipo ankati amayi apite kumeneko, kuli maola okhazikika ndipo sikufuna mayeso. Sankanena mwankhanza. Ankawakonda alongo awo, ndipo zinkawapweteka kuwaona atagwa nkhope chilepherereni mayeso aja. Ndimakumbuka mawu awo akuti, achemwali, dziko lino silifunsa kuti unali ndani. Amayi anavomera kuti sukulu zikatsegulira apita. Buku lalikulu la mayeso analiika pansi pa bedi, pamodzi ndi nsapato za m'nyengo yozizira.

Ndine ndinaulula, osadziwa kuti ndikuulula. Sisitala anandifunsa ngati ndikufuna kudzakhala namwino ngati amayi, ine n'kuyankha kuti amayi asiya za unamwino, akupita kokanyamula makatoni. Sisitala anaitana amayi kuchokera kukhitchini. Sanakweze mawu. Anawauza kuti mawa abwere ndi bukulo, ndipo akabwera opanda bukulo asagogode.

Ndi mmene masana athu anasandukira sukulu. Sisitala ankakhala pampando wawo, buku pamiyendo, galasi lokulitsa zilembo m'manja, n'kumawerenga mafunso mokweza. Kunena zoona, zambiri za m'bukumo iwo sankazidziwa. Mayina a mankhwala atsopano ankawapunthwitsa, ndipo nthawi zina ankatsutsana ndi bukulo, kunena kuti m'nthawi yawo wodwala wotero ankangomupaka mafuta kumsana n'kutsegula mawindo. Amayi ndiwo ankawafotokozera chifukwa chake zinthu zinasintha, ndipo pofotokozapo, m'Chingelezi, mobwerezabwereza, ankaphunzira osazindikira. Vuto la amayi silinali kusadziwa ntchito. Mafunso a kuno amakupatsa mayankho anayi ooneka onse abwino, n'kukufunsa choyamba kuchita, ndipo amayi, amene anazolowera kuchita zonse okha pachipatala chopanda dokotala, ankafuna kusankha onse anayi. Sisitala ankagogoda pansi ndi chitsulo chawo chija n'kumati choyamba, mtsikana, choyamba.

Ine ndinali wodwala. Ndinadwala matenda onse a m'bukumo. Ndinathyoka mwendo, ndinakomoka ndi shuga, ndinabanika, ndinachitidwa opaleshoni ya m'mimba. Ndinkagona pa kabedi ka alendo, amayi n'kumanditembenuza, kundimanga mabandeji onunkha kabati, kundifunsa pamene pakupweteka, ine n'kumabuula mokokomeza mpaka Sisitala anati wodwala ameneyu akufunika mankhwala ogonetsa. Anandiphunzitsa kupeza kugunda kwa mtima pamkono, zala ziwiri osati chala chachikulu, maso ali pa kawotchi kozondoka kaja. Mkono wawo unali wopepuka ngati phesi, khungu lofewa loterera, ndipo pansi pake kanthu kankagunda mosafulumira. Chibadwire sindinakhalepo wofunika chotero kwa anthu aakulu awiri nthawi imodzi.

Chakumapeto kwa Ogasiti kunabwera mlendo. Sisitala sanakwatiwepo ndipo analibe mwana, choncho amene ankayendetsa za iwo anali mwana wa alongo awo, bambo wa imvi zake kale, amene ankakhala kutali ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Analowa ndi kiyi wake masana, osaimba foni, n'kupeza mwana wachikuda atagona pabedi la alendo, mutu wonse uli m'mabandeji, diso limodzi lokha likuphethira. Poyamba anachita mantha, kuyesa kuti kwachitika ngozi. Atamva kuti ndine mwana wa wantchito, nkhope inasintha. Anati ayenera kudziwitsa kampani, chifukwa atavulala mwanayu m'nyumba muno mlandu ukhala wa yani.

Amayi anaima chilili, mpukutu wa bandeji uli m'manja. Ntchito imeneyo ndiyo inkatidyetsa, ndipo kuchotsedwa chifukwa chophwanya lamulo kukanawatsata kulikonse kumene akanakafunsira ina.

Sisitala anadzuka okha, chinthu chimene sankachita popanda wowagwira.

"Mwanayu sanabwere ndi wantchito," anatero. "Ndi mlendo wanga, ndinamuitana ndine. Nyumba ino ikadali yanga. Ukaimba foni imeneyo, undipezerenso wina wondisambitsa, ndipo ukudziwa mmene ndimachitira nawo."

Bamboyo anayang'ana azakhali akewo, anayang'ana ine, kenako anaseka pang'ono mogonja n'kubweza foni m'thumba. Sanali munthu woipa. Anakhala nafe, anadya chimanga chophika, ndipo pochoka anandigwira chanza. Koma chimene anabwerera anachinena ndithu: malo anali atapezeka kunyumba yosungirako okalamba, ndipo Sisitala anayenera kusamuka chisanu chisanayambe, chifukwa masitepe a nyumba ija sakanawathanso. Sisitala sanatsutse. Ankadziwa za mafupa okalamba kuposa tonsefe.

Sabata yomaliza sukulu zisanatsegulire tinkalongedza katundu. Amayi anakoka bokosi lachitsulo lija pansi pa masitepe, ndipo munatuluka fungo la mankhwala a njenjete. Munali chovala chabuluu chofunda m'mapewa, chofiira m'kati, ndi chithunzi cha atsikana ovala zoyera atandandalika pamasitepe a chipatala. Sisitala anawatchula mmodzimmodzi, uyu anamwalira, uyu anapita kunkhondo, uyu ankaba shuga kukhitchini. Ine ndinafunsa chimene chinkandivuta kuyambira kale, kuti bwanji iwo alibe ana. Amayi ananditsina, koma Sisitala anayankha. Anati panali mnyamata wina wa pafamu yoyandikana nayo amene ankawafuna, koma lamulo la sukulu linali loti wophunzira akakwatiwa kapena akaima, alongedze tsiku lomwelo. Mnyamatayo sanafune kudikira, iwo sanafune kusiya, ndiye zinathera pomwepo. Anati sadandaula, odwala awo anali ambiri.

Kenako amayi anayankhula, motsitsa mawu, m'Chingelezi chothamanga chimene ankagwiritsa ntchito akafuna kuti ndisamve. Ndinangotolapo mawu ochepa: chaka chomaliza, matironi, kumudzi, kubwerera. Sisitala anavula magalasi n'kundiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Ndiye ndi ameneyu," anatero.

"Ndi ameneyu, Sisitala," amayi anayankha.

Sisitala anandiitana kuti ndikhale pafupi nawo, ndipo anasanjika dzanja pamutu panga nthawi yaitali, mpaka khosi linayamba kundiwawa.

Zimene amayi ananena tsiku limenelo anadzandiuza patapita zaka zambiri, ine ndili kukoleji ya unamwino, ndili ndi pathupi pa mwana wanga woyamba, anzanga a m'kalasi atandigulira timalaya ndipo aphunzitsi akundifunsa ngati ndikufuna mpando wofewa. Lamulo lija linaliponso kusukulu ya mishoni. Amayi anaima ali m'chaka chomaliza, mayeso ali pafupi. Matironi anawavula kachipewa mu ofesi, ndipo anachoka pachipatalapo anzawo ali m'wodi, osatsanzika aliyense. Anandiberekera kumudzi, anandiyamwitsa mpaka ndinayamba kuyenda, kenako anabwerera kukagwada pakhomo la matironi yemweyo, kangapo konse, mpaka anawalola kubwereza chakacho pamodzi ndi atsikana amene kale anali pambuyo pawo. Sanandiuzepo chifukwa sankafuna kuti ndikule ndikudziona ngati ndinawatsekera njira.

Ku Brampton sanapite. Analembanso mayeso aja m'nyengo yozizira ndipo anakhoza, amalume n'kukhala oyamba kuimbira foni anthu onse a kutchalitchi. Tinakawauza Sisitala kunyumba ya okalamba ija. Anatilandira atakhala pabedi limene anali atalamula kuti aliyalenso kawiri, ndipo anauza namwino wa pamenepo kuti aimirire, mwalowa mnzake. Anamwalira chaka chotsatira.

Koma tsiku lolongedza lija ine zonsezi sindinkazidziwa. M'basi pobwerera ndinakhala kuwindo, chovala chabuluu chija chili pamiyendo panga, popeza Sisitala anali atapatsa amayi. Ndinafunsa ngati ameneyu amene ankanena uja ndinali ine. Amayi anati eya, ndiwe. Ndinafunsa kuti ndatani. Anandikonza kolala, ngakhale inali yowongoka kale, n'kunena kuti palibe chimene ndalakwa, ndachita bwino kwambiri.

Ndinakhulupirira kuti ankanena za udwala wanga, kuti pa odwala onse amene anamwino awiri aja anawasamalirapo, m'zipatala ziwiri za kutalikutali, wodziwa kubuula bwino ndinali ine. Ndinanyada njira yonse mpaka kunyumba, ndipo nditafika ndinawauza amalume.